Mbale ya Asiyatu

Lachinayi, mwezi wa Malichi, kwathu ku Dwambazi

Lero ndadzuka m'mimba muli phee, ndipo ndachita manyazi kuti ndisanapemphere n'komwe dzanja langa linapita lokha pamimba kukamvetsera. Dzulo Asiyatu wa ku Kanyenda ananditumizira mbale ya batala wokazinga, nsomba yonona ija ya m'nyanja, monga wakhala akuchitira mwezi wa Ramadani uliwonse chipumire ine pa ntchito, ndipo ndinadya yense mpaka kunyambita zala. Palibe chimene chandichitikira. Sichinandichitikirepo n'kale lomwe. Koma dzanja linapitabe pamimba. Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala, ndipo mukudziwa kuti chiyambire Fomu 2 sindinagonepo osalemba kanthu m'kope. Makope aja ali m'sutikesi pansi pa bedi. Ndawatulutsa m'mawa uno, ndipo mutu uno ndi wa mbale imeneyi. Mayina a anthu ndasintha.

Chaka changa choyamba pa ntchito, kufupi ndi pothira Bua

Ndinalowa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ndili mtsikana wokhulupirira aliyense. Ndinali nditangomaliza Fomu 4, ndipo nditaphunzitsidwa masabata angapo ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Anandipatsa njinga, sikelo yoyezera ana ndi buku lalikulu lolembamo mabanja. Bwana wanga woyamba anali a Mbewe, munthu wamfupi, wosaseka, amene manja awo ankanunkha sipiriti nthawi zonse. Sabata yoyamba ndinabwera ndi buku lodzaza bwino, nyumba iliyonse ili ndi chimbudzi, mwana aliyense akumwa mankhwala ake. A Mbewe anawerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zimbudzizi mwaziona ndi maso anu, mayi?"

"Eni ake andiuza, abwana."

"Mawa tipitire limodzi."

Tinapitadi. Pa nyumba yoyamba kanjira kopita ku chimbudzi kanali katamera udzu, ndipo pakhomo pake kangaude anali atamanga ukonde wake osasokonezedwa ndi munthu. Pa nyumba yachiwiri mayi analumbira kuti mwana wamaliza mankhwala a malungo, koma a Mbewe anapisa dzanja m'denga la udzu n'kutulutsa kapepala kali ndi mapilisi onse. Pobwerera anandiuza kuti ndisamalembe zimene ndamva pakhonde ndisanazungulire kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope kuti a Mbewe alibe chikondi ndi anthu. Patapita miyezi itatu ndinali nditasanduka a Mbewe wamkazi. Munthu akamandipatsa moni, maso anga amakhala ali pa chingwe choyanikira zovala ndi pa ndowa ya madzi akumwa.

Ku Bua ndinakhala zaka khumi ndi chimodzi, kenako ananditumiza kwathu kuno ku Dwambazi, ndipo pomalizira ku Kanyenda. Kulikonse kusowa kunali komweko. Kolorini wothira m'madzi ankatha mvula ili pakati. Magolovesi nthawi zina tinkawawerengera zala, kuti awa ndi a mayi wobereka, enanu gwirani ndi jumbo. Matayala a njinga ndinkasoka ndekha. Koma chimene sichinandithere ndi kukayikira kumene a Mbewe anandiphunzitsa. Kunapulumutsa ana ambiri, zimenezo sindikana. Chaka changa chomaliza ndi pamene ndinaona mbali yake ina.

Lolemba, sabata yoyamba ya Ramadani, chaka changa chomaliza, ku Kanyenda

Mvula inali ikupita kumapeto ndipo tonse tinali tcheru ndi kolera. Bwana wanga pa nthawiyo anali a Gondwe, wothandizira dokotala, munthu wofatsa amene ankadana ndi phokoso kuposa matenda. M'mawa wa tsikuli anandituma kwa a Twaibu, mwini mabwato atatu ophera nsomba ndi makoka a chilimira, chifukwa kunamveka kuti akazi awo aakulu akutsegula m'mimba.

A Twaibu anali ndi akazi awiri mu mpanda umodzi, nyumba zoyang'anizana. Wamkulu anali Abiti Selemani, mayi wathupi, wolemekezeka, amene akayenda pamsewu amayi anzawo ankati a Twaibu amadziwa kusunga mkazi. Wamng'ono anali Asiyatu, mtsikana wowonda ngati mcheni, wochokera kwathu kuno, wa banja lochokera kumpoto ngati lathu. Analowa Chisilamu pokwatiwa, ndipo dzina lakeli analipatsidwa pamenepo. Anali ndi mwana wamkazi woyamwa.

Abiti ndinawapeza atakhala pamkeka, atadzikulunga zitenje ziwiri ngakhale kunkatentha. Ndinawatsina khungu la pamkono, linabwerera msanga. Maso sanalowe m'kati. Sanasanze. Mu mpanda monse palibe wina amene ankadwala, ndipo madzi ankatunga pa mjigo. Ndinafunsa kuti chimbudzicho chikutuluka chotani, ngati madzi otsukira mpunga kapena ayi.

"Alangizi, zimenezo amafunsa munthu wamkulu?"

"Ndi ntchito yanga, amayi."

"Ntchito yanu ndi yonyansa. Ndi m'mimba basi. Mukupota, mukudzaza mpweya, ndipo zikabwera sizidikira munthu."

"Pali mankhwala ena alionse amene mukumwa?"

"A BP aja munandilembera kuchipatala kwanu. Palibenso."

Ndinazungulira kuseri, ndinaona chimbudzi chili chosesedwa, chovundikira bwino. Ndinasiya mapaketi awiri a madzi a mchere ndi shuga, n'kuwauza kuti wodwala amaloledwa kumasula kusala, ndipo ashehe angawauze chimodzimodzi. Anangoti amva. Kwa a Gondwe ndinakanena kuti si kolera, ndipo anapuma ngati atula thumba la chimanga.

Loweruka la sabata yomweyo

Amene anayamba kuwerengera masiku anali a Yusufu, mlongo wawo wa Abiti, amenenso anali nkhoswe ya banjali. Mu Ramadani akazi awiriwa ankaphika mosinthana chakudya chomasulira kusala, chimene amati futari. Lero Abiti, mawa Asiyatu, ndipo wophika ankapakulira mnzake mbale yakeyake n'kukapereka yekha chogwada. Kukana mbale ya mkazi mnzako m'mwezi umenewu ndi chipongwe chimene mudzi wonse umachimva. A Yusufu anandiimitsa panjira ndikuchokera ku sikelo ya ana, n'kugwira chiwongolero cha njinga yanga.

"Alangizi, inu mwaphunzira. Tandiwerengereni. Lamlungu anaphika ndani?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Kamtsikana kaja. Lolemba mlongo wanga chigonere. Lolemba waphika yekha, Lachiwiri ali bwinobwino. Lachiwiri kaphika kamtsikana, Lachitatu chigonere. Lachinayi kaphikanso, Lachisanu chimodzimodzi. Alamu anga akudya, ana akudya, palibe akudwala. Akudwala ndi mmodzi yekha, wa mbale yapadera. Inu matenda odziwa kuwerenga masiku munawaonapo?"

Ndikufuna mudziwe zoona, ana anga. Mawu awo anandilowa. Zaka zonse zija ndinaphunzira kuti zinthu zikamabwera motsatana choncho pamakhala chifukwa, ndipo chifukwacho nthawi zambiri chimakhala ndi manja. Ndinakumbukira kuti Asiyatu sankayang'ana munthu m'maso. Ndinakumbukira kuti m'sitolo za pamsika mankhwala a makoswe amagulitsa ngati mchere. Tsiku lomwelo dzuwa litapendeka Asiyatu anabwera kunyumba kwanga kuseri kwa chipatala, mwana kumsana, atanyamula mbale yachitsulo yoyera yokhala ndi mkombero wabuluu, yosupuka pang'ono m'mphepete. Munali batala wokazinga, wonyezimira mafuta, ndi mandazi awiri.

"Amama, ndati mulaweko. Inu ndinu akwathu, kuno ndilibe wina."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Iye atangokhota pa ngodya ya chipatala, ndinapita ku dzenje lotayamo zinyalala, ndinakhuthula zonse n'kukwirira ndi dothi kuti ngakhale galu asadye. Mbale ndinatsuka kawiri ndi sopo. M'mawa mwake ndinaibweza nditaikamo mtedza, chifukwa kuno mbale sitibweza yopanda kanthu, ndipo ndinamuuza kuti nsomba inali yokoma kwambiri. Anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. M'kope la tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi wokha, woti Mulungu andikhululukire ngati ndalakwa.

Lachitatu, sabata yachiwiri

Ndinabwerera kwa a Twaibu osaitanidwa, nthawi ya m'mawa amuna ali kunyanja. Cholinga changa chinali kukafufuza kukhitchini kwa Asiyatu, ndipo ndinali nditakonza kale bodza loti ndikuyendera ndowa za madzi. Koma pozungulira kuseri kwa nyumba ya Abiti ndinapunthwa pa beseni lobisidwa pansi pa mtengo wa papaya, lovundikiridwa ndi thumba. Ndinavundukula. Munali zitenje zonyikidwa, ndipo pamwamba pa madzi pankayandama mafuta achikasu, madontho akuluakulu ngati pa msuzi wa nsomba yonona. Pa chingwe panali chitenje china chochapidwa kale, koma banga la mafuta linali likuonekabe chakumbuyo kwake. Ndaonapo matenda a m'mimba a mitundu yambiri, koma munthu wotulutsa mafuta enieni ndinali ndisanamuonepo, ndipo mankhwala a makoswe sachita zimenezo.

Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Abiti anandiyang'ana, ndipo anadziwa kuti ndaona.

"Mwayamba kuvundukula mabeseni a eni?"

"Ndinayamba kale, amayi, ndisanabereke mwana woyamba. Mafuta aja akuchokera kuti?"

Anayamba kulira mopanda mawu, n'kunena kuti ino ndi sabata yachiwiri sakuswali bwinobwino, chifukwa akangotawasa, kusamba kokonzekera pemphero kuja, n'kuvala zoyera, mpweya pang'ono chabe chovala chadetsedwa. Ku mzikiti Lachisanu anasiya kupita. Ndinawasiya alire. Atatha anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje cham'kati, n'kutulutsa kapepala konyezimira kokhala ndi makapusozi abuluu. Anati miyezi iwiri m'mbuyomo anapita ku Lilongwe kwa mwana wawo wamkazi, ndipo dokotala wa kumeneko ataona BP ndi mawondo otupa anati thupi lichepe. Mwanayo ndiye anagula makapusoziwo, n'kuwauza kuti azimwa limodzi pa chakudya chilichonse. Kapepala ka m'bokosi kanali ka Chingerezi chaching'onoching'ono, ndipo bokosilo analitentha kuti a Twaibu asalione. Anayamba kumwa Ramadani itangoyamba, poganiza kuti kusala ndi mankhwala zithandizana.

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Kuti mudzi wonse udziwe? Mkazi wamkulu, wa zidzukulu, akumwa mankhwala kuti afanane ndi kamtsikana? Adzandiimba nyimbo pa chinkhoswe chilichonse. Ndipo ndikawonda adzati ndatenga matenda aja. Kulikonse ndi manyazi."

"Dokotala anati ndi chifukwa cha BP."

"Dokotala anatero, eya." Anayang'ana kukhomo la Asiyatu kudzera pawindo. "Koma ine pomeza sindiganiza za BP."

Ndinawafunsa ngati akudziwa zimene a Yusufu akunena panjira. Anati akudziwa. Ndinafunsa ngati akukhulupirira kuti Asiyatu akuwathirira kanthu. Anayankha kuti iwo sananenepo zimenezo kwa munthu aliyense, ndipo yankho limenelo linandiopsa kuposa beseni lija. Potuluka anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Munalumbira ku ntchito kwanu kuti za wodwala simuulula. Si choncho?"

"Ndi choncho, amayi."

"Ndiye pitani bwino."

Lachinayi, m'chipinda cha a Gondwe

Dzina la mankhwalawo ndinali nditalilemba pa chikhatho. A Gondwe analifufuza pa foni yawo, anawerenga kanthawi, n'kuyamba kugwedeza mutu. Anandifotokozera kuti mankhwalawa amatchinga mafuta a m'chakudya kuti ena asalowe m'thupi, ndiye mafutawo amangodutsa n'kutuluka momwe analowera. Munthu akadya zowiritsa, vuto limakhala lochepa. Akadya zonona kwambiri, m'mimba mumapota, mpweya umachuluka, ndipo mafuta amatha kutuluka mwini wake asanadziwe. Apo ndi pamene masiku a a Yusufu anandimasukira. Abiti, chichokere ku Lilongwe, ankaphika nsomba yowiritsa ndi chinangwa. Asiyatu ankakazinga, ndipo kwathu kuno tonse timadziwa mmene mwana woleredwa bwino amapakulira munthu wamkulu. Amamusankhira nthuli ya pamimba pa nsomba, yonona kuposa zonse, n'kutsanulirapo mafuta otsala m'chiwaya. Mbale ya Abiti inalidi yapadera.

"Ndiye nkhani yatha," anatero a Gondwe. "Kawauzeni asiye kaye mankhwalawo mpaka abwere tidzaonane, ndipo achepetse mafuta."

"Siinathe, abwana. Loweruka ankhoswe akukumana. A Twaibu akufuna kupereka talaka kwa Asiyatu, kuti ukwati uthe. Mbale ya Lachisanu akuti aisunga kuti ikhale umboni."

"Zimenezo ndi za m'banja, Nyalongwe. Ife timalemba kutsegula m'mimba, tachiza, basi."

"Mtsikana apite kwawo ndi dzina loti wothira mankhwala m'chakudya? Ndani adzadyenso za m'manja mwake? Mwana wake adzakula akumva zimenezo."

"Ndipo inu mukaulula za wodwala, ndani adzakuuzeninso kanthu? Amayi a m'dera lino amakunong'onezani zinthu zimene sauza amuna awo. Mwatsala ndi miyezi isanu kuti mupume. Musandibweretsere kalata ya madandaulo pa tebulo pano."

Sanali kunama, ndipo ndi chimene chinandipweteka. Lachisanu ndinapitanso kwa Abiti kukawauza zonse za mafuta, ndi kuwapempha kuti anene okha. Anamvetsera bwinobwino za mafutazo, anafunsanso mafunso, koma pa zonena okha anatembenukira kukhoma. Ndinabwerera ndikukankha njinga, osakwera. Kuulula sindikanatha. Kukhala chete sindikanathanso. Ndinalemba m'kope kuti ndipita, ndipo ndikanena zokhazo zimene ndili ndi ufulu wonena.

Loweruka m'mawa, pakhonde la a Twaibu

Anthu anali ochepa. A Twaibu pampando, a Yusufu pambali pawo, amalume ake a Asiyatu amene anabwera pa njinga kuchokera ku Dwambazi, ndi Abiti pamkeka atafunda mpaka kumutu. Asiyatu anakhala pansi chapatali akuyamwitsa, ndipo pakhomo la nyumba yake panali mtolo wa zovala womangidwa kale m'chitenje. Pakati pa onse panali mbale ija ya mkombero wabuluu, yovundikiridwa ndi mbale inzake. Inali ya dzulo lake, ndipo Abiti sanaikhudze.

Ndinapempha kulankhula. Ndinati ine monga wa zaumoyo ndaunika matenda a amayi, ndipo ndikutsimikiza kuti si mankhwala othiridwa m'chakudya.

"Ndiye ndi chiyani?" anafunsa a Twaibu.

"Chimene chikuwadwalitsa ndikuchidziwa, bambo, koma si ine woyenera kuchinena."

A Yusufu anaseka mokweza. "Mwamva, alamu? Akudziwa koma sanena. Nanenso ndikudziwa kumene kuli chuma cha dziko lonse, koma sindinena. Amayi awa ndi a ku Dwambazi, kamtsikanaka n'ka ku Dwambazi. Mbale zimapita kunyumba kwawo, tinaziona. Mwadya zingati, alangizi, kuti mubwere kudzatiphunzitsa?"

Mawu amenewo anandibaya pamalo pamene iwo sankadziwa. Ndinayang'ana Abiti, maso awo ali pamkeka. Ndinayang'ana Asiyatu, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso. Sindinakonzekere zimene ndinachita. Ndinagwada, ndinakokera mbale ija kwa ine, n'kuvundukula. Batala anali atazizira, mafuta atagwirana m'mphepete. Ndinanunkhiza monga mwa chizolowezi, sanali atasasa.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikudziwa kuti nonse mwasala ndipo kudya pamaso panu dzuwa lisanalowe ndi mwano. Ine ndine wa mpingo, sindinasale. Ngati muli kanthu m'mbalemu, muonera pa ine dzuwa lisanafike pamutu."

"Alangizi, musachite zimenezo," anatero a Twaibu, atadzuka theka pampando.

Ndinanyema nthuli ya pamimba ija n'kuika m'kamwa. Mutu unkadziwa zimene a Gondwe anawerenga, koma kamtima kena ka a Mbewe kankandinong'oneza kuti bwanji ngati zonse ziwiri zili zoona, makapusozi ndi mankhwala a makoswe. Ndinameza. Ndinanyemanso. Pakhonde pankangomveka mwana akuyamwa ndi ine ndikutafuna. Ndinali pa nthuli yachinayi pamene Abiti analankhula, osadzutsa mutu.

"Asiyeni alangizi, angadzimbidwe ndi nsomba yozizira. Yusufu, khala pansi."

Anamasula mfundo ija ya chitenje, n'kuponya kapepala ka makapusozi pamkeka. Ananena mwachidule, ngati munthu wolavula mankhwala owawa, kuti akumwa mankhwala ochepetsa thupi ochokera ku Lilongwe, ndipo sagwirizana ndi mafuta. A Twaibu anatola kapepalako, anakatembenuza uku ndi uku.

"Ochepetsa thupi? Thupi lake liti? Limene ndaliweta zaka makumi atatu ndi kampango? Anakuuzani ndani kuti ine ndikufuna bango m'nyumba?"

"Munakatenga bango nokha ku Dwambazi, simunafunse munthu," anayankha Abiti.

Amalume a Asiyatu anatsokomola kubisa kuseka. A Yusufu anayamba kufotokoza kuti iwo ankangoteteza mlongo wawo, koma palibe amene ankawamvera. Asiyatu sanaseke. Anachotsa mwana kubere, anamubereka, n'kuyandikira pamkeka chogwada.

"Amayi aakulu, mafuta aja ndinkathira chifukwa cha ulemu. Pamene botolo latsala pang'ono, ine ndi mwana tinkadya zouma kuti inu mudye zonona. Mukanangondiuza kuti achepe."

Asiyatu anatola mbale yake, anadutsa pakati pa amuna aja osapempha njira, n'kukatenga mtolo uja pakhomo kuulowetsa m'nyumba. Talaka sinatchulidwenso.

Miyezi yotsatira

A Gondwe sanandiyankhule masiku atatu, koma kalata ya madandaulo sinabwere. Abiti anafika kuchipatala Lachiwiri lake, ndipo a Gondwe anawauza kuti makapusozi aime kaye mpaka Idi itadutsa ndiponso mpaka atalankhula ndi dokotala wa ku Lilongwe uja. Atayambiranso, ntchito yowayendera inali yanga. Tinagwirizana kuti nsomba izikhala yowiritsa kapena yowamba, mafuta supuni imodzi yaing'ono mumphika, osati kutsanula ndi botolo. Mandazi ndi samusa zinakhala za alendo. Anaphunzira kudya pang'onopang'ono m'malo modzaza mbale kamodzi, kumwa madzi ambiri, ndi kuchulukitsa masamba. A Gondwe anawapatsanso mavitamini oti azimwa pa nthawi yosiyana ndi makapusozi, chifukwa ena amatuluka limodzi ndi mafuta aja. Ndinawauza kuti akaona magazi, kupweteka kosaleka, kapena maso achikasu, asadikire ine, athamangire kuchipatala. Masabata oyamba zovuta zinkabwerabe apo ndi apo, makamaka akapita ku ukwati n'kuchita manyazi kukana mpunga wa mafuta, koma pofika mwezi wozizira beseni lija linachoka pansi pa papaya, ndipo Lachisanu ankapita ku mzikiti atavala zoyera.

Amene ankayeza mafuta a Abiti pa masiku ake ophika anali Asiyatu yemweyo. Ndinamuona tsiku lina atanyamula supuni m'mwamba kuti Abiti aione ali pakhonde lawo asanathire mumphika, ndipo sindinadziwe ngati unali ulemu kapena kukumbutsa. Akazi awiriwa sanasanduke chibale, ndisakunamizeni. Amapatsana moni, amalerana ana, ndipo mpanda ndi umodzi mpaka lero. Tsiku lotsanzikana nane pa ntchito Abiti anabwera ndi nkhuku, atachepako ndithu, mawondo akuwalola kuyenda mpaka kuchipatala osapuma panjira. Anandinong'oneza kuti ndine mfiti ya mabeseni. Ndinaona kuti kumeneko ndiye kuthokoza kwawo.

Lachinayi lomwe lija, masana

Mbale ili patebulo pano pamene ndikulemba, yoyera, ya mkombero wabuluu, yosupuka m'mphepete. Ndi yomwe ija. Asiyatu ali ndi mbale zina zatsopano, ndinaziona, koma kwa ine amatumiza imeneyi basi, ndipo nthawi zonse mumakhala batala ndi mandazi awiri, monga tsiku loyamba lija. Mwina ndi kuthokoza chabe. Koma ine ndine wophunzira wa a Mbewe, ndipo ndimadzifunsa ngati tsiku lija anakhotadi pa ngodya ya chipatala n'kupita, kapena anaima n'kucheuka. Anthu a ku Kanyenda amandikumbukira ngati mayi amene anadya mbale ya Asiyatu pamaso pa ankhoswe. Za mbale yoyamba, imene ndinakwirira kuti galu asafe, amadziwa ndi kope langa lokha, ndipo tsopano inu.

Mawa ndidzuka m'mawa, ndiika mtedza m'mbalemu, ndipo sindituma munthu. Ndikwera minibasi ya ku Kanyenda, ndikakhala pansi pakhomo pake, n'kumuuza kumene nsomba yake yoyamba inapita.